Chikho changa pa chiliza cha apongozi

Nditaganiza zosiya mowa, sindinafune kuti a ku Chileka adziwe. Ndimawotcherera mageti m'mbali mwa msewu wa ku bwalo la ndege, ndipo kumeneko aliyense ankandidziwa ndi botolo. Ndiye ndinasankha kagulu ka ku Lirangwe, ka anthu olimbana ndi mowa okhaokha, kokumana Loweruka masana m'kalasi ya patchalitchi. Ndinkadziona wochenjera. Ndinaiwala kuti akazi anga kwawo ndi komweko, kuseri kwa msika.

Lamulo la gulu linali lakuti zokambidwa m'kalasimo zizithera momwemo. Ine ndinakhuthula zonse, ngakhale za tsiku lomwe ndinadzuka m'ngalande njinga ili pamwamba panga. Mtima unapepuka, sindinama, poti panalibe wondiseka. Aliyense anali ndi ngalande yake. Koma panali mayi wina wogulitsa tomato, wamtima wabwino ndithu, kungoti pakamwa pake panalibe chitseko. Sipanathe masabata awiri, mlamu wanga anandiimbira foni.

“Alamu, tamva mwayamba sukulu ya Loweruka. Mayeso liti?”

Ndinapsa mtima koopsa. Kugululo ndinasiya kupita, ngakhale mowa sindinaubwerere.

Kenako inakwana nthawi yomanga chiliza cha apongozi anga aamuna. Akamwini tinayamba m'mawa kututa mchenga ndi kukanda simenti. Kwawoko ntchito ikatha, amalume a akazi anga amatenga chipanda cha masese n'kuyambira kwa akamwini, ndipo kuchikana ndi kunyoza mudzi wonse. Ndinali nditatha miyezi inayi osalawa. Ndinkadziwa kuti ndikangonyowetsa milomo ndabwerera kungalande, ndipo akazi anga anali atanena kale kuti ulendo wina sadzanditolanso.

Tinakhala pamzere pansi pa mtengo wa mango. Chipanda chinkayandikira, fungo lake lija likundiitana ngati mnzanga wakale. Ndinachita mantha.

Amalume atafika pa ine, chipanda anachidutsitsa n'kupereka kwa mnzanga wa kumanzere. Ine anandipatsa chikho cha thobwa chomwe anali atachinyamula kudzanja linalo.

“Akamwini, chanu ndi ichi,” anatero motsitsa mawu. “Tinamva. Limbikirani.”

Palibe anaseka, ngakhale mlamu wanga wa mayeso uja. Chapatali akazi anga, amene anali ataimitsa manja m'beseni n'kumandiyang'ana, anayambiranso kutsuka mbale.

Loweruka lotsatira ndinabwerera m'kalasi muja, ndipo mpaka pano ndimapitabe. Masiku ano ndimasankha zonena, poti ndinadziwa kuti makoma ake ndi obooka. Mayi wa tomato ndinamupeza pampando wake wa pawindo. Ndinali nditakonza zomulalatira kwa mwezi wathunthu, koma nditafika pamaso pake ndinangomupatsa moni ndi manja awiri.