Nsapato Zakuda za a Mwakipesile

A Mwakipesile sankajambula munthu asanamuyang'ane kumapazi. Wina akalowa mu situdiyo yawo atatchena jekete ndi tayi, iwo maso pansi. Kuno ku Tukuyu mvula sikata, ndiye anthu amafika akuwala kumtunda, kumunsi kuli matope okhaokha.

"Nkhope ndi ya Mulungu," ankatero. "Mapazi ndi anga."

Amayi ankawauza kuti atsitse chitenje. Amuna ankawabwereka nsapato zakuda zimene zinkakhala pansi pa benchi, peya imodzi, zazikulu moti wamapazi aang'ono ankamutsenderamo nyuzipepala. Ine ndinkasoka zovala khomo loyandikana ndi situdiyoyo. Ndinaziona nsapatozo zikukwatira, zikubatizidwa, zikumaliza sukulu. M'nyumba zambiri za kuno, zithunzi za pakhoma n'za amuna osiyana, nsapato zomwezo.

Anaphunzitsa achinyamata ambiri. Ena ali ku Mbeya, ena kutali. Wotsiriza anali Tusajigwe, mtsikana wofulumira manja ndi pakamwa pomwe.

"Aphunzitsi, masiku ano timangodula chithunzi m'chiuno. Za mapazi n'zachikale."

"Ukadule agogo ako."

Maso a mkuluyo atayamba kuchita nkhungu, munthu wina wogulitsa mafoni anayamba kuinyenyerera situdiyoyo. Tusajigwe anaonda nayo nkhaniyo. A Mwakipesile anangondinong'oneza ine kuti kamera sangasiyire munthu wosayang'ana pansi.

Tsiku lina m'mawa anatulukira atavala suti imene ndinawasokera, kumapazi kuli mapatapata, lina lofiira, lina lobiriwira. Anakhala pa benchi.

"Jambula, mwana iwe. Chibadwire sindinajambulidwepo."

Tusajigwe anayatsa magetsi, anawawongolera tayi, anaika diso pa kamera. Ine ndinali pakhomo. Ndinafuna kutsokomola kuti ndimuchenjeze, koma mkuluyo anandiopseza ndi chibakera. Chala cha mtsikanayo chinali kale pa batani. Kenaka anadzutsa mutu.

"Aphunzitsi! Mwabwera kudzajambulitsa kapena mukupita kubafa?"

Anagwada n'kutulutsa nsapato zija, nawaveka. Mkuluyo anaseka mpaka misozi, napisa m'thumba, n'kumuponyera makiyi a situdiyo, natembenukira kwa ine.

"Telala iwe, bwera ukhale apa, chithunzi chingaoneke chamasiye."

Ndinakhala. Mkuluyo anawerama, poti maso sankafikanso pansi, nandipapasa kumapazi. Anapeza nsapato zanga za tayala, matope mpaka m'zala.

"Zaka zonsezi tili khomo limodzi, osatolako kanthu? Mbuzi ikanaphunzira."

"Mbuzi ikanasoka suti mwavalayo?"

Anavula nsapato imodzi n'kundipatsa. Iwo ya kumanja, ine ya kumanzere. Mapazi otsalawo tinawabisa kuseri kwa mphika wa maluwa umene Tusajigwe anaika pakati pathu.

Asanabwerere kumudzi kukalima nthochi, kameneka kanali komaliza kuwaona akusamala mapazi a munthu. Anawapapasanso kachiwiri, nawongoka.

"Tsopano jambula."