Dzinja Limene Tinkayembekezera Mwana

Beseni lija linali labuluu, lapulasitiki, ndipo pansi pake panali kachithunzi ka bakha. Amayi analigula kwa munthu wina woyenda ndi katundu panjinga, tsiku limene bowa wawo anatha msanga m'mbali mwa msewu wa tala ku Chinyunyu. Atafika nalo kunyumba analipachika pamsomali n'kundiuza kuti ndisalikhudze. "Ili n'la mwana amene akubwera." Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi.

Pambuyo panga amayi anali atabereka ana atatu, ndipo palibe amene anakwanitsa masabata awiri. N'chifukwa chake azimayi a m'mudzi ataona beseni lija anangoyang'anana. Kwathu mwana samugulira chinthu asanamuone ndi maso. Mmodzi analimba mtima n'kuwauza zimenezi, koma amayi anayankha akumwetulira: "Mulungu analonjeza kuti sataya anthu omudalira. Ine nagwira pamenepo."

Mawu amenewa ndinawamva dzinja lonse, pochapa, popalira, pomanga chitenge chimene chinkakana kukumana pamimba. Ine ndinkawamva monga mwana amamvera. Atate, amene anali mlonda ku Lusaka, akalonjeza nsapato ankabwera nazo, ngakhale mochedwa. Nanga Mulungu akanalephera bwanji?

Mvula inagwa yambiri chaka chimenecho. Pabwalo pankanunkha mango owola, ndipo mapazi a amayi anatupa mpaka patapata anasiya kulowa. Masana ena ndinkawaperekeza ku akasupe a madzi otentha. Tinkakhala kumunsi, kumene madzi afika atazizirirako, iwo ataviika mapazi, nthunzi ikununkha ngati mazira ophika. Pamenepo ankatenga dzanja langa n'kuliika pamimba pawo. Kanthu kankagunda pansi pa chikhatho changa. "Wamva? Uyu ndiye wokhala."

Amalume, alongo awo aakulu a amayi, ankakhala nyumba yoyandikana nafe. Iwo sankaseka nawo. Kangapo konse ndinawamva akunena kuti, "Mlongo, pita ukadikirire kuchipatala ku Mpanshya. Kamtsinje aka kakadzaza, nizakuwolotsa bwanji?" Amayi ankati apita akamaliza kupalira, masiku akadalipo, Mulungu akuona.

Kwa zaka zambiri ndinkawaimba mlandu chifukwa cha yankho limenelo. Ndinkati chikhulupiriro chinawatseka makutu. Lero ndili ndi munda wangawanga, ndipo ndikudziwa kuti udzu sudikira munthu. Akanachoka, chimanga chija chikanamira, ndipo panalibe wina wogwira khasu.

Matenda anayamba kutatsala mwezi wathunthu, m'mawa, ali m'munda. Anabwera atagwira m'chiuno, khasu atalisiya mumzere. Amalume anawakweza panjinga, azimayi awiri akuwagwirira uku ndi uku, ine ndikuthamanga pambuyo. Kamtsinje tinakapeza katasefukira, madzi ofiira akukokolola zitsa ndi mapesi. Tinadikira pagombe mpaka dzuwa linafika pamutu. Amayi anagona pa udzu wonyowa akungoti, "Ambuye, munalonjeza. Ambuye, munalonjeza." Sindinamvepo mawu awo ali aang'ono chonchija. Madzi atatsikako, amuna anayi anawanyamula pachitseko n'kuwoloka nawo, madzi akuwafika m'chifuwa. Ine anandibweza. Ndinakankha njinga ya amalume kubwerera kumudzi, ndipo pa keliyala panali magazi.

Amalume anabwerako patatha masiku awiri. Anakhala pakhonde n'kuvula nsapato zamatope mosafulumira. "Anali mtsikana. Sanalire," anatero. "Amayi ako ali moyo."

Amayi anabwera patapita masabata atatu, akuyenda chowerama, manja ali lende. Mkaka unkatulukabe n'kumanyowetsa bulauzi, ndipo ankadzimanga nsalu pachifuwa molimba mpaka kupuma movutika. Beseni analichotsa pamsomali n'kupatsa mayi wina amene anali ndi khanda kutsidya. Lamlungu lotsatira anavala n'kupita kutchalitchi, pang'onopang'ono, akupuma pansi pa mtengo uliwonse. Anaimba nawo nyimbo zonse. Ine ndinali pambali pawo, osaimba nawo.

Kusukulu ndinafunsa aphunzitsi, mayi wofatsa amene ankatiyambitsa tsiku ndi pemphero. Ndinati, "Ba ticha, kodi Mulungu amanama?" Anasiya kufufuta pabolodi. Anatembenuka n'kunena kuti Mulungu sanama, koma nthawi yake si yathu, ndizingopemphera. Sindiwadandaula. Akanamuuza chiyani mwana? Koma ine ndinamva kuti mwana wathu wangochedwa, ndipo ndikalimbikira abwera.

Ndiye ndinalimbikira. M'mawa uliwonse ndisanapite kusukulu tinkagwada pamphasa, ndipo ndinapempha kuti ndizitsogolera ndine. Ndinkati, "Ambuye, tipatseni mwana wina, amene azakhala. Munalonjeza." Amayi ankayankha, "Ameni." Tinachita zimenezi mpaka chimanga chinauma. Tsiku lina atate atabwera anamva pemphero langalo, ndipo anadzuka n'kutuluka ndisanamalize. Ulendo umenewo anakhala masiku awiri okha. Kenako kubwera kunachepa, kenako kunatha. Tinadzamva kuti ali ndi mkazi wina ku Lusaka, ndiponso mwana wamwamuna.

Zoona zake ndinazidziwa nditakula, ndili ndi pakati pa mwana wanga woyamba. Amayi anandiuza akusenda nyemba, osandiyang'ana, kuti tsiku lija madokotala anawachotsa chiberekero kuti apulumutse moyo wawo. Anatuluka m'chipatala akudziwa. Atate ankadziwa, amalume ankadziwa. Ndinawafunsa chifukwa chimene sanandiletsere. Anati, "Nikanakuletsa, m'nyumba muja sakanatsala wopemphera."

Ine ndimapempherabe, ngakhale mawu akuti "munalonjeza" amandivuta kutchula. Koma m'mawa muja, ndili chogwada pambali pawo, ndinkasuzumira ndi diso limodzi n'kuona milomo yawo ikunjenjemera asananene ameni, ndipo ndinkasangalala. Ndinkaganiza kuti akugwirizana nane. Sindinkadziwa kuti tsiku ndi tsiku ndinkawapempha kuti avomereze chinthu chimene sichikanachitikanso, ndipo iwo ankavomera kuti ine ndidzuke, nditenge mabuku, ndipite kusukulu.