Masipika Awiri Okangana

Tsiku limenelo kunatentha kuyambira m'mawa. Linali Loweruka la mwezi wa Okutobala, mvula isanayambe n'kuopseza komwe, ndipo malata a tchalitchi chathu ku Kawale ankathetheka ngati chimanga chokazinga. Nyenje zinkalira m'mitengo ya mango kuseri kwa tchalitchi. Kumsika amisiri a ndowa ndi mbaula ankagogoda malata awo osapuma, ndipo dzuwa litapendeka pang'ono tinamva kuitana kwa mapemphero kuchokera ku mzikiti wa kumunsi. Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Ndinali nditagwada pasimenti kumbuyo kwa ampulifaya, makina okuzira mawu, sikuludiraiva ili m'manja, ndikunyada kwambiri.

Mpingo wathu unali utalandira mphatso. A Chikaonda, mkulu wa mpingo amene ankagwira ukapitawo wa fodya ku Kanengo, anali ndi mwana ku Joni, ndipo mwanayo anatumiza masipika awiri aakulu a matabwa osalala, pamodzi ndi ampulifaya yake. Kunena zoona sizinali zida za m'tchalitchi, zinali za pabalaza la munthu wolemera, koma ife tinali tisanaonepo zotere. Anthu ankabwera kudzangozisisita. Waya wopita ku masipika a Chikaonda anakoka okha kudutsa m'denga, osalola wina kukwera makwerero. Chinawavuta n'kumbuyo kwa ampulifaya, komwe kunali kothina, pomwe zala zawo zinali zonenepa ndipo maso awo sankaona tizilembo tating'ono. Ndiye wina wa m'kwaya anati, "Lameki uyu amakhalitsa ku shopu ya amalume ake okonza mawailesi. Alowe iyeyu."

Ndinachita monga ndinkaonera amalume. Wayayo anali wa mbali ziwiri, mbali ina ili ndi kamzere koyera. Ya kamzere ndinaika pofiira, inayo pakuda, ku ampulifaya ndi ku masipika komwe. Ndinayang'ana kawiri, kenako ndinati, "Zatheka, bambo."

A Chikaonda anaika kaseti ya kwaya yathu yomwe. Mawu anatuluka, koma anali oonda ngati akuchokera m'chitini. Mabesi amene kwaya yathu inkatchuka nawo anasowa. Wotsogolera nyimbo sankadziwika kuti waima pati, ankangoyandama m'mbali mwa makoma. A Chikaonda anakweza voliyumu. Phokoso linakula, kuonda kuja osatha.

"Wakhudza chiyani iwe?"

"Palibe, bambo. Ndangolumikiza basi."

"Zinthu zayenda ulendo wonse kuchokera ku Joni zili bwinobwino, zangofika m'manja mwa mwana wa mamina, zapsa! Ukulidziwa dzina lili apali iwe?" Anagogoda ndi chala kachitsulo konyezimira kamene kanali pamphumi pa sipika.

Anyamata a m'kwaya anaseka. Mmodzi wa iwo, Fanuelo, anakuwa kuti, "Injiniya waphulitsa!" Dzinalo linandimatirira pomwepo.

M'mawa mwake pa zolengeza a Chikaonda sanatchule dzina langa. Anangoti ana ena osamva aononga mphatso ya Ambuye, ndipo mpingo wonse unatembenuka kuyang'ana benchi imene ndinakhala. Anandiletsa kuimba m'kwaya mpaka akulu ataikamba nkhaniyo. Kwa ine kwaya inali zonse. Mpira sindinkautha, m'kalasi ndinali wapakati, koma ndikaimba anthu ankakhala chete. Mayi anga, amene ankakhala kutsogolo ndi amayi anzawo atavala yunifolomu yoyera, anaweramitsa mutu mpaka mapemphero kutha. Panjira sanandikalipire. Anangoti, "Mwana wanga, zinthu za eni ake." Bola akanandikwapula.

Lolemba nditaweruka kusukulu ndinathamangira kwa amalume anga a Dishoni, mlongo wawo wa mayi. Shopu yawo inali kachipinda kamodzi pafupi ndi msika, kodzaza mawailesi otsegulidwa mimba, konunkha utsi wa chitsulo chowotcherera mawaya. Sankapita kutchalitchi kawirikawiri, ndipo akulu a mpingo ankawaona ngati munthu wotayika. Ndinawafotokozera zonse ndikusisima, ndikuyembekeza kuti adzuka pampando n'kunena kuti a Chikaonda ndi abodza.

"Mwina wawotchadi," anatero, osadzutsa mutu pa wailesi imene ankakonza.

"Amalume!"

"Mwinanso ayi. Ine sindinamve. Ndinene chiyani pa chinthu chimene makutu anga sanamve? Lachitatu tikamvere limodzi."

Ndinabwerera kunyumba nditawakwiyira iwo kuposa a Chikaonda.

Lachitatu masana amalume anatseka shopu n'kutenga zinthu zitatu zokha: kaseti yawo yakale, batire la tochi, ndi kansalu kopukutira. A Chikaonda anatitsegulira tchalitchi nkhope ili ndwii. Fanuelo ndi anzake awiri anali atasuzumira kale pawindo. Choyamba amalume anang'amba kansalu kaja pawiri n'kuphimba tizitsulo ta dzina pa masipika onse.

"Mukuphimbiranji, a Dishoni? Dzina limenelo n'lodziwika dziko lonse."

"Dzina siliimba, bambo mkulu. Likakhala poyera, maso ndi amene amayamba kumva, makutu n'kugona."

M'kaseti yawo munalibe zambiri. Munali bambo wina akungoyankhula, kenako gitala ya besi yokha, kenako mayi wina akuimba popanda zida. Ankaidziwa ngati mmene munthu amadziwira mawu a m'bale wake kuseri kwa chitseko. Anaima pakati pa tchalitchi atafulatira masipika, maso ali otsinzina. Anayenda pang'onopang'ono kupita kumanzere, anaima, anabwerera, anapita kumanja. A Chikaonda ankangoyang'ana wotchi.

"Lameki, zula waya wa sipika ya kumanzere."

"Mwana ameneyu asakhudzenso chilichonse muno," anatero a Chikaonda.

"Akhudza ine ndikuona, bambo mkulu."

Ndinazula. Pomwepo besi inabwera, yonenepa, moti ndinaimva m'mabenchi. Amalume anandiuza kuti ndibwezere, ndizule wa kumanja. Zinali chimodzimodzi. Sipika iliyonse payokha inkaimba bwino, koma akalira onse awiri mawu ankaondanso.

"Palibe chapsa pano," amalume anatero. "Masipika onse ndi amoyo. Akungokangana."

Anachotsa zophimba za kutsogolo kuti mapepala ozungulira a masipika aoneke. Kenako anamasula mawaya ku ampulifaya n'kuwagunditsa pa batire lija, mbali ya kamzere kumutu kwa batire. Pepala la sipika ya kumanja linatukukira kunja. Atachita zomwezo ndi waya winawo, pepala la sipika ya kumanzere linabwerera mkati.

"Mwaona? Iyi ikamakankha mphepo, inzake ikukoka. Ndiye besi ikuthera panjira isanafike kwa inu. Penapake waya watembenuka."

A Chikaonda anandiyang'ana. Amalume anawerama n'kuona malo onse amene ndinalumikiza, ndipo konse anapeza kamzere kali pofiira. Anadzuka n'kuyang'ana kudenga.

"Waya wa kumanzereyu ndi mmodzi kuchokera kuno mpaka uko?"

A Chikaonda analoza m'mwamba. "Anaperewera. Ndinawonjezera wina pamtanda apo."

Amalume anakwera makwerero n'kumasula tepi yakuda imene inali pamfundopo. Mbali ya kamzere inali itapotedwa ndi mbali yopanda kamzere. M'denga muja munali mdima ndi kutentha, ndipo lero ndikudziwa kuti aliyense akanalakwitsa. Amalume anatembenuza mawayawo, anamata, anatsika, anabwezera kaseti. Mayi woimba uja anaima pakati penipeni pa masipika awiri, pamalo pamene panalibe munthu, mpaka ndinamva kupuma kwake asanayambe mzere wina. Pawindo Fanuelo anangoti, "Eee!"

Ndinadikira. Ndinkadziwa bwino mawu amene ndinkadikira. A Chikaonda anakhosomola, anapukuta thukuta ndi mpango, n'kunena kuti, "Mawaya a masiku ano, mizere yake yosaoneka n'komwe." Anathokoza amalume n'kukhoma tchalitchi. Lamulungu analengeza kuti zida zija zachira, tithokoze Ambuye. Mphunzitsi wa kwaya anangondikodola kuti ndikakhale pamalo panga. Palibe amene anaimirira kunena kuti mwana uja sanalakwe. Dzina la Injiniya linanditsata mpaka nditamaliza pulayimale, ndipo amayi ena ankauzabe mayi anga kuti mwayi wanga amalume anakonza zimene ine ndinaononga.

Ndinafunsa amalume chifukwa chimene sanawaululire pagulu.

"A Chikaonda anamva zoona," anatero. "Mawu analidi oipa. Analakwa pothamangira kuloza chala. Zawozo asiyire, iwe tenga zako. Waona mmene munthu amamvera chinthu."

Panthawiyo sizinandikwanire, koma ntchito yawo ndinaitenga, ndipo ndi imene yalera ana anga. Lero ndimakhala ku Area 25. Anthu akafuna kugula zida zodula za m'nyumba, masipika, ampulifaya kaya mahedifoni, amandiitana kuti ndikamve kaye. Ndimaika nyimbo zanga zochepa zimene ndimazidziwa mpaka mpweya wa woimba. Masipika ndimawasuntha achoke pakhoma, chifukwa khoma limanenepetsa besi mwabodza. Ndikamayerekeza zida ziwiri ndimaonetsetsa kuti voliyumu ili yofanana, popeza chimene chakwera pang'ono nthawi zonse chimamveka ngati chopambana. Mahedifoni ndimakhala nawo kumutu nthawi yaitali, kuti ndidziwe ngati sakanikiza kapena kutopetsa makutu. Ndipo sindikonda kunena maganizo anga tsiku lomwelo. Achinyamata amati madala awa amachedwa. Ndimangomwetulira, n'kuthokoza Mulungu chifukwa cha amalume, amene anagona kalekale.

Koma tsiku lina ndinathamanga. Mnyamata wina wa ku Area 18, amene ankaitanitsa zida kunja n'kumagulitsa, anali ndi mahedifoni odula kwambiri, ndipo wogula anandipempha kuti ndikawamve. Nditavala ndinamva mbali ya kumanzere ili yozimiririka, timawu tating'ono ta zitsulo za ng'oma tikusowa. Ndinabwereza kamodzi, kenako ndinanena pamaso pa anthu onse amene analipo kuti mahedifoniwo ndi achinyengo. Wogula anachoka. Mnyamatayo anawaponya m'manja mwanga misozi ili lengelenge. "Tengani, madala. Mukamve bwino kwanu."

Kunyumba mkazi wanga Esinati, amene tsopano anatsogola, anawavala ali pakhonde akusankha nyemba. Anamvetsera nyimbo yonse mpaka kutha.

"Bambo a Chisomo, ine ndikumva bwino mbali zonse. Tawatembenuzani."

Ndinavala chotembenuza, mbali ya kumanja kukhutu la kumanzere. Kuzimiririka kuja sikunasamuke. Kunakhala pomwepo, kukhutu langa la kumanzere. Kuchipatala anatsimikiza kuti khutu limenelo layamba kutopa.

Nditabwerako ndinapeza Esinati atasita kale malaya anga oyera. "Pitani lero," anatero. "Mawa mudzapeza chifukwa."

Ndinakwera minibasi, ndinafika pageti la mnyamata uja, ndinaima. Ndinadutsa kawiri ngati munthu wosochera. Mawu akuti pepani ndi afupi, koma ndinapeza kuti munthu wa imvi akamapita nawo kwa mwana amalemera ngati thumba la simenti. Pomaliza ndinagogoda, ndipo sindibisa, ndinagogoda chifukwa ndinkadziwa kuti Esinati akandifunsa. Mnyamatayo anandimvetsera mpaka kumaliza, kenako anati, "Lowani, madala, musaime padzuwa." Sabata yomweyo ndinafunafuna wogula uja ndi anthu amene analipo, n'kuwauza mmodzimmodzi kuti cholakwika chinali khutu langa. Kuyambira pamenepo ndimauza aliyense wondiitana kuti khutu limodzi n'lofooka, ndipo ndikakayika ndimapempha wina amvenso.

Ndili m'minibasi pobwerera kuchokera kwa mnyamata uja ndi pamene ndinaganiza za a Chikaonda. Anali atamwalira zaka zambiri m'mbuyomo. Ndinazindikira kuti nthawi yonseyo ndinali nditawasunga mumtima, kwinaku ndikupempha Mulungu Lamulungu lililonse kuti andikhululukire monga inenso ndikhululukira ena. Ndinawaona ataima pansi pa makwerero aja, munthu wamkulu, mpingo wonse ukuwalemekeza, ana akusuzumira pawindo, mawu afupi aja atawakakamira pakhosi. Sindikudziwa ngati kunyumba kwawo kunali wina wowauza kuti pitani lero. Ine ndinali naye, ndipo sichinali chifukwa choti ndine wabwino kuposa iwo.

Fanuelo ndimakumana naye pamaliro, mutu uli mbuu ngati wanga. Timapatsana moni, timafunsana za ana ndi za mawondo. Sanapepesepo, ndipo ndikukayika ngati akuikumbukira nkhaniyo. Sindimukumbutsa. A Chikaonda, Fanuelo, ndi onse amene anaseka tsiku lija, ndinawakhululukira.