Makina Amene Anaimikidwa Pambali pa Nsolo

Chaka chimene ndinali mu Giredi 9, kampani ina yogula thonje inaimika makina pa sitolo ya mbewu ku Katete. Anali ngati kabati yofika m'chifuwa, yokhala ndi galasi lokhudza ndi chala. Pagalasipo munthu ankaona masiku ogawira mbewu ndi mankhwala, ndipo mlimi aliyense ankayenera kulembetsa munda wake pomwepo podinda chala chachikulu. Wolembetsayo ndiye ankalandira mbewu, ndiyenso ankadzagulitsa thonjelo.

Amayi ali ndi munda wawo kuseri kwa dambo, umene anaswa okha mphanje. Chaka chimenecho anafuna kuti ulembedwe m'dzina lawo. Anandiuza chapansipansi tikuswa mtedza, ine n'kukalemba m'kope langa la tsiku ndi tsiku.

Tsiku loimika makinawo ndinadutsapo pochokera kusukulu. Panali anthu awiri a ku Lusaka, bambo wa tepi yoyezera ndi mayi wa laputopu. Anazungulira sitolo yonse, n'kusankha pakhonde, kumanja kwa khomo, poti panali mthunzi ndi soketi ya magetsi. Komatu kumanja kwa khomoko ndi kumene kuli benchi ya nsolo. Akuluakulu amaswera pamenepo, ndipo agogo aamuna obala atate sasowapo. Iwowo ndi apongozi a amayi. Chikwatiwire, amayi sanaimepo chilili pamaso pawo. Akakumana panjira amapatuka, akakhala ndi mawu amagwada patali kapena amatuma ine.

Mayi wa laputopu uja anandiona ndi yunifolomu.

"Iwe, bwela kuno uyeseko. Sivivuta, ai?"

Ndinakhudza galasi, linayaka bwinobwino. Mumtima ndinali nditakonza zonse zoti ndinene: kuti awaike kuseri, kumene azimayi amakhala podikira chigayo, kuti soketi imakokedwa ndi waya koma apongozi sasunthidwa. Chimene chinatuluka n'chakuti, "Azimayi sangaime pano." Ndinanena nditayang'ana nsapato zanga.

"Ati chani?" anafunsa bambo wa tepi.

"Ati azimai aopa," anatero mayiyo akuseka. "Bazajaila." Ankatanthauza kuti adzazolowera.

Sindinanene kuti akuopa. Sindinatero ayi. Koma sindinabwerezenso, ndipo iwo anaboola simenti n'kumanga mabawuti anayi. Anayeza kutalika kwa khoma, anayeza mthunzi, koma kufunsa amene amakhala pabenchipo, olo munthu mmodzi, sanafunse.

Kulembetsa kunali kwa sabata imodzi. Lolemba amayi anaima kutsidya kwa msewu, dzuwa la mu Okutobala likuwotcha, kudikira kuti agogo anyamuke. Sananyamuke. Anali akupambana.

Ndinawapempha kuti ndikanong'oneze agogo achokepo pang'ono.

"Iwe, ukathamangitse apongozi anga pa mpando wawo? Kumudzi akamve kuti chiyani?"

Lachitatu tinapitanso. Tinapeza mayi wina wa m'mudzi mwathu, amene analibe apongozi pabenchipo, atalimba mtima n'kukwera pakhonde. Atadinda chala, makinawo anafuula kuti, "Takulandirani," n'kutchula dzina lawo la paubwana, lija ngakhale amuna awo satchula. Mayi wa ana asanu, amene tonse timawaitana ndi dzina la mwana wawo woyamba! Nsolo inaima.

"Kani ndi limeneli dzina lawo!" anatero mkulu wina. "Amake mwana, takudziwani lero."

Benchi yonse inafa ndi phwete. Mayiwo anaphimba kukamwa ndi chitenje, n'kutsika osamaliza. Amayi anandigwira padzanja. "Tiye kunyumba."

Lachisanu, tsiku lomaliza, kunapita atate. Anapereka moni kwa agogo, anadinda chala, dzina lawo linamveka msewu wonse, palibe anaseka. Anakhalanso pang'ono kuonerera nsolo. Atate si munthu woipa. Atabwera anati, "N'chimodzimodzi, amake mwana, ndife banja limodzi." Amayi anati, "Inde," n'kupitiriza kupeta.

Patapita milungu ingapo, bambo wa tepi uja anabweranso kudzaona makina ake. Ndinali m'sitolo kugula sopo. Ndinamva akuuza mwini sitolo kuti azimayi olembetsa achepa chifukwa a kumudzi amaopa makina, ndiye pafunika kuwaphunzitsa. Kuwaphunzitsa! Amayi amamasula okha mpope wopopera mankhwala ukatsekeka, n'kuubwezera kachitsulo kalikonse pamalo pake. Ndinaima pamenepo nditafinya sopo, ndipo sindinayankhulenso kanthu. Chimenechi chimandipwetekabe kuposa zonse. Zimene ndikanawauza ndinakazilemba m'kope, masamba atatu, mpaka cholembera chinaboola pepala.

Thonje linachita bwino chaka chimenecho. Amayi anathyola lonse okha, zala zili zilonda, n'kulipondera m'matumba. Tsiku logulitsa anaperekeza ngolo mpaka pa sikelo. Pamenepo a kampani anaitana dzina la atate, amayi n'kukakhala pansi pa mtengo kudikira.