Zimene Woyendetsa Uja Ankayang'ana

Mkazi wanga anagundidwa ndi galimoto ku Zingwangwa Loweruka masana, dzuwa likuswa mtengo, akuchokera kwa telala. Tinali titakhala m'banja zaka ziwiri. Woyendetsa anauza apolisi kuti mayiyo anangodumphira mumsewu. Mawu amenewa anafika mpaka pamaliro, ndipo ndinamva amayi ena akunong'onezana kuti mwina m'nyumba mwathu munalibe mtendere.

Patatha masabata atatu woyendetsayo anabwera kudzapepesa. Anali wamkulu kwa ine, kalaliki pafakitale ina ku Makata. Anabwera ndi amalume ake, ine ndinali ndi apongozi anga, bambo a malemu. Ankayankhula anali amalumewo.

"Bambo, zinachitikazi n'zangozi. Mnzanuyu sakudya, sakugona. Tikupempha mukanene kupolisi kuti pachibale takambirana, nkhani ithere pompa."

Apongozi anandiyang'ana. Anali atatopa, ndipo ndinaona kuti akufuna ithe.

"Galimotoyo mwabwera nayo?" ndinafunsa.

Anali ataisiya patali, pafupi ndi mpope, kuti tisaione. Inali imodzi mwa zija zinadzaza m'tauni zaka zimenezo, zogwirapo kale ntchito ku Japan. Nyali ya kumanzere anali ataikapo kale yatsopano. Ndinamupempha akhale pachiwongolero, ine ndinakhala pambali pake. Atailiza, sikirini inayaka. Panali mapu a kwawo kwa galimotoyo, kamuvi kosonyeza pamene tili kali pakati pa nyanja.

"Ili ndi zonse, achimwene," anatero. "Kamera ya kumbuyo. Ukapanda kumanga lamba imalira yokha." Anadukiza yekha, atakumbukira amene akumuuza.

"Tsiku lija wailesi inali yotsegula?"

"Kunali mpira. Ndinkafuna ndingomva zigoli."

"Tanditsegulireni."

Galimoto zimenezi zilibe kopotokola ngati zakale. Zonse zili pasikirini, m'zilembo zimene palibe wa ife amaziwerenga. Anthu amangoloweza malo odina: pamwamba kumanja, kenako kabokosi kachitatu, kenako pansi. Ukaphonya umayambiranso. Sungadine osayang'ana, chifukwa galasi ndi losalala, chala sichimva kanthu.

Anadina koyamba, kachiwiri, anaphonya, anabwerera. Ine ndinkayang'ana kutsogolo. Mayi wina wosenza ndowa anachoka pampope, anadutsa kutsogolo kwa galimoto yathu yoimayo, n'kulowa pageti la nyumba ina. Wailesi italira, bamboyo anadzutsa mutu.

"Mwawaona mayi adutsa apawa?" ndinafunsa.

"Mayi ati?"

Anayang'ana msewu, munalibe munthu. Anazimitsa injini n'kuyamba kulira. Kulirako sikunandikhudze. Ndinangoganiza kuti amene anapanga galimotoyo anamusamala kwambiri munthu wokhala mkati. Bamboyu anatuluka pangoziyo wopanda ngakhale kabala.

Titabwerera kunyumba amalume aja anaimirira, akumwetulira pang'ono.

"Ndiye mwagwirizana zotani, bambo?"

"Kupolisi tipita mawa m'mawa, ine ndi iwowa," ndinatero ndikuloza woyendetsayo. "Ine sindikayankhula. Akayankhula ndi iwowa. Akanene kumene kunali maso awo."

"Aaa, bambo, inu ndinu wophunzira. Zikatero nkhani ipita kukhoti. Munthuyu ali ndi ana anayi."

"Ndamva."

Apongozi anandigwira pabondo. "Mwana wanga, zimenezi sizimudzutsa."

"Ndikudziwa, bambo. Koma mwana wanu sanadumphire mumsewu, ndipo papepala palembedwa kuti anadumphira."

Apongozi anachotsa dzanja lawo, ndipo alendo potsanzika sanawaperekeze.

Mawa lake ndinafika pasiteji isanakwane seveni. Ndinaima pamenepo maola awiri, makondakitala akundikokera uku ndi uku. Ndinali nditatsimikiza kale mumtima kuti woyendetsa uja sabwera, pamene ndinamuona akutsika minibasi, ali yekha, atavala jekete ya kutchalitchi. Sitinapatsane moni. Iye anatsogola kulowera kupolisi, ine pambuyo.