Mbali ya Uta Imene Inkakana Kupindika

Ndikukumbukira chaka chimene anyani anagwirizana kuti munda wa amayi anga ndi wawo. Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndili mu Sitandade 5 kachiwiri, poti aphunzitsi anandikonda kwambiri moti sanafune kuti ndiwasiye msanga. Mudzi wathu uli m'munsi mwa mapiri a Ntchisi, chakumtunda kwa Malomo, ndipo munda wathu unali womalizira weniweni, wogundana ndi tchire. Aliyense wotsika kuphiri ali ndi njala ankayamba wapereka moni kwa ife.

Bambo anali ku esiteti ya fodya ku Kasungu, choncho zonse zinali pamutu pa amayi: kupalira, madzi, nkhuni, ndi mng'ono wanga kumbuyo. Ine yanga inali kulinda. Ndinkakhala pachilindo, kansanja ka mitengo ndi udzu pakati pa munda, chitini m'manja. Anyani akatulukira, ndinkamenya chitini. Poyamba ankathawa. Kenako anayamba kubwera akamva chitinicho, monga momwe ife tinkathamangira belu la phala kusukulu.

Amalume anga a Binisoni, mlongo wawo wa amayi, ndiwo ananena kuti nyani saopa phokoso, amaopa uta. "Akangouona amakumbukira zimene zinaonekera agogo ake," anatero. Anali ndi mtengo umodzi wokha umene anadula kuphiri chaka chinacho, n'kuusomeka kutsindwi kwa khitchini kuti uume pang'onopang'ono ndi utsi. Anautsitsa uli bii ndi mwaye, wautali kuposa ine. Wauwisi sungapange uta, ndipo wina wouma kunalibe m'mudzi monse. Chimanga nacho chinali chitatulutsa kale ndevu. Dowe anali pafupi, ndipo anyani ankadziwa zimenezi kuposa alangizi a zaulimi.

Anausema ndi kasemasema, napota nsinga ya chikopa cha mbuzi. Ataukunga, ine ndinatambasula manja onse awiri ngati wolandira mphoto. Iwo anandidutsa, nakaupachika pachiphanda cha mtengo wa mango, nakokera nsinga pansi.

"Bwerera m'mbuyo. Ukuona chiyani?"

"Ndikuona uta, amalume."

"Masowo anakuikira kuti nkhope isakhale yopanda kanthu eti? Yang'anitsitsa."

Ndinayang'anitsitsa. Mbali imodzi inali itawerama ngati munthu wopalira. Inayo inali njo, ngati mkulu wa mpingo pa tsiku la mgonero.

"Yofookayo ndiyo ikulakwitsa," ndinatero. "Tiimange ilimbe."

"Yofookayo usaikhudze n'komwe, mphwanga. Ikuwerama chonchi chifukwa inzakeyo ikukana. Timapala yolimbayo mpaka zigawane ntchito."

Anandipatsa kachidutswa ka botolo losweka. Upale pang'ono mkati mwa mbali yolimbayo, ukunge, ukoke pang'ono, ubwerere m'mbuyo, uyang'ane. Ukatero umasule, upalenso. Timapalo take tinali topyapyala ngati khungu la anyezi, tonunkhira utsi. Ine thupi lonse linkandiyabwa. Ndikapala, maso ali kuphiri. Ndikakoka, khutu lili kumunda. Ndinkakhala pansi, kudzuka, kuzungulira mtengo wa mango, kubwerera, kupeza utawo uli chimodzimodzi, ukundiyang'ana ngati ine ndiye wopindika.

Tisanafike patali, apongozi awo a amalume anadwala, ndipo anayenera kupita nawo kuchipatala ku Mtengowanthenga. Pokwera njinga anandilozera chala. "Uzipalabe. Koma osaukoka mpaka kukhutu ndisanabwere. Wamva?"

Ndinamva. Kumva sikunandivutepo chibadwire.

Tsiku lomwelo amayi anabwera kuchokera kumunda atanyamula mapesi othyoka, zitsononkho zolumidwa mbali imodzi n'kutayidwa. Anangoziika pakhonde pamene ine ndinakhala ndi kabotolo kanga. Ndinaona kuti amalume ndi munthu wabwino, koma sayansi inawadutsa. Ndinalowa m'nyumba mwawo, ndinatenga chubu cha njinga chimene chinkalendewera kukhoma, ndinachidula mphira zazitali. Ndinagoneka kansungwi pambali yofooka ija n'kukulunga mphira mothinitsa mpaka zala zinachita dzanzi. Nditaupachika pamtengo wa mango n'kukoka, mbali zonse zinaoneka zofanana. Ndinabwerera m'mbuyo monga anandiphunzitsira, ndipo ndinagwedeza mutu kuvomereza ntchito yanga.

"Amalume ako anati utero?" anafunsa amayi, akupeta.

"Anati mbali zifanane, amayi. Zafanana."

"Chabwino, a injiniya."

M'mawa mwake ndinalawirira kumunda, mame akundinyowetsa mpaka m'chiuno, nkhungu itakuta phiri. Sindinakwere pachilindo. Ndinaima poyera, kumalire ndi tchire, kuti mbiri indione bwino. Posakhalitsa anatsika, patsogolo pali chinyani chachimuna chong'ambika khutu, chimene ine ndi icho tinali titadziwana kale pa nkhani ya chitini.

Ndinakweza uta. Gulu lonse linaima chilili. Ana anakakamira pamimba pa amawo, ena anayamba kubwerera cham'mbuyo. Amalume ananena zoona. Ndikanangoima pomwepo ngati chipilala mpaka kukolola, bwenzi lero ndikulemba nkhani ina. Koma dzanja linali litayamba kale ulendo. Ndinaika muvi, ndinakoka kufika pachifuwa, pachibwano, ndipo khutu linali pafupi kwambiri moti kulisiya kukanakhala mwano.

Thyoo!

Utawo unathyokera pomwe mphira inathera, mbali yofooka yomwe ija. Chidutswa chinandimenya pachipumi, muvi unagwera pachala changa chachikulu cha kuphazi. Chinyani chija chinandiyang'ana kwa kanthawi. Kenako chinakhala pansi, chinadzikanda m'nthiti, chinathyola chimanga chapafupi n'kuyamba kusenda chikundipenya, mosafulumira, ngati mlendo amene wauzidwa kuti akhale womasuka.

Kuyambira tsiku limenelo sanaopenso kanthu. Zinatengera amayi kuwonjezera kulinda pa ntchito zawo zonse. Ankatunga madzi kusanache bwino, n'kukaima kumtunda kwa munda ndi miyala m'chitenje, mwana kumbuyo, ine kumunsi ndi chitini changa ndi chotupa pachipumi. Tinapulumutsa chakumunsi. Chakumtunda chonse chinakwera phiri. Nkhokwe chaka chimenecho sinafike ndi pakhosi pomwe, ndipo mvula isanagwe bwino tinali titayamba kale kudya kamodzi.

Amalume atabwera sanandimenye, zimene zinandipweteka kwambiri. Anatola zidutswa, namasula mphira pang'onopang'ono.

"Ichi si chubu changa?"

"Chakale chija, amalume."

"Chinali chakale, inde. Koma n'chomwe ndimati ndiike mawa."

Kenako anatenga mbali yolimba ija, naitembenuza uku ndi uku, nandipatsa. Inali yosalala, yamphumphu, yopanda ndi kamng'alu komwe. "Taona," anatero. "Iyi sinamve kanthu. Zonse zagwera inzake." Anaisomekanso kutsindwi kwa khitchini, poti kwathu mtengo wouma sautaya.

Zaka zinapita. Ndinafika mpaka ku koleji ku Lilongwe, kumene ndinachoka ndisanamalize, mwa kufuna kwanga, ngakhale akuluakulu a kumeneko anavomereza mwachangu chodabwitsa. Ndinabwerera kumudzi, ndinakhazikitsa ofesi pakhonde, foni m'manja, kufotokozera odutsa za kayendedwe ka dziko. Khasu ndinkaliona ngati wachibale amene tinayambana kalekale. Amayi ankapitabe kumunda wa kuphiri uja okha. Ine monga mwana wachikondi ndinkawalangiza kuti azipuma. Tsiku lina ndinawabweretsera mankhwala opaka msana kuchokera ku Mponela, ndipo ndinawawerengera malangizo ake mokweza, m'Chingerezi.

Madzulo ena ndinalowa m'khitchini kukasaka moto, ndipo mutu unagunda chinthu kutsindwi. Inali mbali ya uta ija, yakudanso bii ndi mwaye, yowongoka ngati kale. Nditatuluka nayo, ndinaona amayi akutsika njira ya kumunda, nkhuni pamutu, dzanja limodzi litagwira msana, atawerama ngati momwe inkaweramira mbali ina ija pamtengo wa mango. Ndinayang'ana mtengo uli m'manja mwanga, ndinayang'ana botolo la mankhwala pawindo. Ndinazindikira kuti ndakulunganso mphira.

Lero ndimadzuka nawo limodzi kupita kumunda. Sindinganame kuti ndinasanduka mlimi wa chitsanzo. Mizere yanga imayenda ngati woledzera, ndipo amayi amanditchabe a injiniya. Koma ndikaona munthu pakhomo akuwerama kuposa anzake, sindithamangiranso kumulimbikitsa. Ndimabwerera m'mbuyo, ndimayang'ana amene waima njo pambali pake. Kwathu ndinamupeza msanga, poti anali atavala nsapato zanga. Akupalidwabe, pang'onopang'ono, ndipo amayi sanathyoke.