Tipoti ya adona yafukulidwa

Moni nonse kumeneko, imvani zandionekera lero.

Kuno ku Constantia, panyumba pomwe ndimagwira ntchito ya m'gadeni, pabwera ana a ku yunivesite. Akuphunzira kufukula zinthu zakale kuseri, pomwe kale panali khola la akavalo. Kakumbidwe kake mungaseke. Amanga tizingwe, akupala dothi ndi timipeni ta amisiri omanga nyumba, kenako kusesa ndi bulashi. Masiku atatu, dzenje silinafike m'bondo. Nditawapatsa piki anakana ngati ndawapatsa njoka.

Ndiye masanawa mtsikana wina wakuwa kuti wapeza kanthu. Onse kuthamangira, kujambula, kuyeza ndi tepi, osakhudza. Ine kusuzumira m'dzenjemo, abale! Ndi tipoti ya adona, yomwe ndinaswa zaka zisanu zapitazo n'kuikwirira pomwepo. Nthawi imeneyo adona anaisaka nyumba yonse, ine ndikuwathandiza kusaka.

Aphunzitsi awo agwada n'kunena kuti, "Onani mtundu wa dothi. Apa munthu anakumbapo chaposachedwa, ndipo fosholo amaidziwa." Ana onse kulemba m'makope. Chibadwire sindinayamikiridwepo chonchi ndi munthu wamadigiri.

Adona afika, ayang'ana mapalewo, ayang'ana ine. "A Nyirenda, mukuidziwa imeneyi?"

Ndati, "Adona, tisawasokoneze ophunzira, amalize kaye kafukufuku."

Adona aseka mpaka kukhala pansi, ndiye musade nkhawa, ntchito ikadalipo.

Koma mawa anawa akufuna kudzandifunsa mbiri ya malowa kuti alembe m'lipoti lawo. Abale, ndiulule, kapena ndiwasiye atuluke thukuta poti anabwerera kuphunzira?